Tsiku Limene a Wilf Anameta Jinny

A Wilf Dargue tinawaika m'manda mwezi wathawu, atavala jekete yawo ya ubweya wa nkhosa ndi tayi yofiirira. Anandidziwa ndili ndi mamina, koma mpaka ine kumera imvi sanasiye kunditchula kuti "iwe wa lole", ngati mayi anga anaiwala kundipatsa dzina. Dzina langa ndi Des. Ndimanyamula mahatchi a anthu kupita nawo ku zionetsero kuno ku Cumbria, ndipo mdalayu ndamukweza kutsogolo zaka zambirimbiri, akundiphunzitsa kuyendetsa, pamene iyeyo ngakhale wilibala ankagunda nayo khoma.

Moyo wawo wonse anauthera m'khola la a Kolonelo Strickett, kusamala mahatchi akuluakulu aja osakira nkhandwe. Ntchito yawo yeniyeni inkaoneka m'mawa wa chionetsero. Manyenje a pakhosi ankawafupikitsa, n'kuwaluka timfundo tating'ono tofanana ngati mabatani, tosokedwa ndi singano ndi ulusi. Timphira sankafuna n'kutiona komwe, ankati n'ta anthu aulesi ndi a m'tauni. Ubweya wa kumapazi ankaumeta mpaka chiboda kuonekera chonse, makutu n'kuwayeretsa, mchira n'kuudula molunjika. Hatchi ikatuluka m'manja mwawo inkakhala ngati mkwati, nayonso inkadziwa.

Akathana ndi hatchi ankatembenukira wokwerayo. Apa panalibe bwana kapena mwana wa bwana. Ndolo chotsani. Tsitsi lilowe m'kaneti, ngakhale kamodzi kasalendewere. Tayi ikanikizidwe ndi pini, isamauluke. Magolovesi akhale ofiirira, nambala ya kumsana imangidwe ndi chingwe chakuda, osati choyera ngati mwamanga mtolo wa nyuzi. Tsiku lina mkazi wa a Kolonelo anatulukira m'mawa atavala jekete yakuda, pamene m'mawa munthu amavala ya ubweya wa nkhosa. A Wilf anavula kapusi mwaulemu wonse.

"Pepani amayi, sitinamve. Wamwalira ndani?"

Mayiyo anabwerera kukasintha, ndipo nkhaniyi inasekedwa m'makola onse kuchokera ku Penrith mpaka ku Appleby.

A Kolonelo atamwalira, nyumba ija inasanduka hotela, ndipo a Wilf anapuma ntchito. Akazi awo a Doreen nawo anatsogola posakhalitsa. Anatsala ndi mwana wawo wamkazi Hilary pa kafamu ka m'mbali mwa phiri. Mwana wamwamuna, Clive, anali atapita kalekale ku Carlisle kukagulitsa makapeti. Clive hatchi amaidziwa kuti kutsogolo n'kuti pokhapokha ikamuluma.

Hilary sanatsate mahatchi a mabwana. Iye anakonda timahatchi takwathu ta m'phiri, takuda, tafupi, tamphamvu, taubweya kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Tsiku limene anabwera ndi koyamba, bambo ake anakazungulira, manja ali kumbuyo.

"Mwanawe, wagula hatchi kapena tsache?"

Koma sipanatenge nthawi, tsachelo linawalowa mumtima. Ndipo lamulo la timahatchi timeneti ndi iwo amene ankalilalikira kuposa aliyense: hatchi ya m'phiri imalowa m'bwalo mmene Mulungu anaipangira. Sailuka, saimeta, lumo siliyandikira. Manyenje agwe mmene angagwere, ubweya wa kumapazi ukwirire ziboda. Ukadula, woweruza amakuponya kumapeto kwa mzere, ndipo anthu amakukumbukira mpaka ukalamba. Mnyamata wina anabwera ndi makina ometera kuti athandize, a Wilf anamuthamangitsa ndi foloko ya udzu mpaka kumsewu.

Mwa onsewo, wapamtima anali Jinny, wamkazi, wobadwira m'manja mwawo usiku wa chisanu. Manyenje a Jinny ankapitirira phewa, ndipo pamene anafikapo panali patapita zaka zambiri a Wilf akuwapatula ndi zala chifukwa ankati chipeso chimathothola. Nthawi ya matope ankamupaka mafuta kumapazi kuti ubweya usathyoke. Ine ndinkawauza kuti a Doreen akanalandira theka la chisamaliro chimenechi bwenzi alipo mpaka lero. Ankangondiponyera nsanza yonyowa.

Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono. Ketulo m'firiji. Hilary kumuitana kuti Doreen. Poyamba tinkaseka, iwonso ankaseka nawo. Kenaka tsiku lina anayenda wapansi mpaka ku hotela ija, n'kukauza mtsikana wolandira alendo kuti awapatse makiyi a khola chifukwa mahatchi a a Kolonelo sanadye. Anawabweretsa ndi apolisi, atanyowa ndi mvula, akupepesa aliyense.

Lamlungu lotsatira Clive anabwera. Ine ndinali m'khitchini ndikumwa tiyi wa eni ake, monga mwa masiku onse, ndiye ndinamva zonse. Anali atapeza malo ku nyumba yosungirako okalamba, kufupi ndi kwawo.

"Achemwali, musakhale ngati simukuona. Mawa adzagwera mumtsinje."

"M'nyumba muno amasokoneza, sindikukana," anatero Hilary. "Koma ukawaone kukhola. Kumeneko salakwitsa ngakhale kamodzi. Ukawachotsa pa mahatchi wawapha."

"Ndiye mpaka liti?"

"Tsiku limene adzalakwitse za hatchi, ndidzawaperekeza ndekha."

Ankalankhula ngati mwiniwakeyo palibe, pamene anali pomwepo pa mpando wa pazenera, akupukuta chishalo cha hatchi. Anadzutsa mutu.

"Ndamvatu. Ndine woiwala, si wogontha. Wanena bwino mwanayu. Tsiku limenelo musadzandinyengerere. Iwe wa lole, ndiwe mboni, ngakhale mboni yake ndi yachabechabe."

Chaka chinatha osalakwitsa. Dzina la mdzukulu ankalisowa, koma ankadziwa hatchi imene yatsimphina isanatuluke n'komwe m'khola. Hilary ankagona ndi khutu limodzi, ndipo Clive akaimba foni yankho linali limodzi: kukhola zonse zili bwino.

Ndiye kunabwera chionetsero cha kwathu ku Skelderby, cha mu Ogasiti. Madzulo oti mawa ndi chionetsero, Jinny anasambitsidwa, manyenje akuwala ngati khala lonyowa. Ine ndinafika ndi lole dzuwa litangotuluka, ndinapeza Hilary akusita shati.

"Madala ali kuti?"

"Kukhola. Adzuka kalekale, ndawamva akuimba mluzu. Pita ukawasokoneze."

Ndinapita ndi nthabwala yanga ili kale pamlomo, koma inandithera pakhomo. Jinny anaima pakati pa khola, khosi lili pamtunda. Manyenje onse aja panalibe. M'malo mwake munali mzere wa timfundo tosokedwa, tofanana, tokongola moti sindinaonepo. Mapazi anali ometedwa mpaka ziboda, mchira wodulidwa molunjika. Ubweya wonse unali utasesedwa bwinobwino n'kuunjikidwa pakona. A Wilf anali atavala kale jekete ndi tayi, singano ili pakolala, nkhope ikuwala ngati ya mnyamata.

"Wachedwa, iwe wa lole. Kawauze a Kolonelo kuti hatchi yakonzeka. Koma andipatsa ntchito lero! Sindikudziwa anaitola kuti, inali ngati chimbalangondo."

Hilary anafika kumbuyo kwanga atanyamula makapu awiri a tiyi. Sanagwetse. Anawaika pansi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mulu wa ubweya uja nthawi yaitali.

"Waona bwanji, mayi?" anafunsa a Wilf.

"Mwaluka bwino, adadi."

"Manja akadalipo amenewa."

Ndinamukokera Hilary panja, kuseri kwa lole.

"Tinene kuti lole yafa. Ndi yakale, palibe angadabwe."

"Akakhala tsiku lonse m'khola akumuyang'ana, akumbukira."

"Nanga timasule?"

"Timasule chiyani, Des? Watsala ndi tiubweya totalika ngati chala. Kumapaziko timata?"

"Ndiye tipite, koma usalowe m'bwalo. Unene kuti watsimphina."

"Kwa adadi? Angogwira mwendo kamodzi n'kundiuza kuti ndine wabodza." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndilowa. Anthu aseke. Clive akubwera ndi ana, koma ameneyo sazindikira kanthu. Adadi akangodutsa lero osadziwa, mawa aiwala, ubweya umera, nkhani yatha. Iwe ukaime nawo, uziwalankhulitsa. Pakamwa pakopo pagwireko ntchito kamodzi."

Ku Skelderby kunali ngati chaka chilichonse: nkhosa kulira, fungo la anyezi wokazinga, gulu la malipenga likuyesa nyimbo imodzimodzi. Titatsitsa Jinny, phokoso la pamalo oimika malole linachepa. Mayi wina amene wapikisana ndi Hilary kuyambira ali atsikana anatsegula pakamwa, n'kuona a Wilf, n'kutsekanso. Mwamuna wake analibe nzeru zimenezo.

"Hilary, mwalowa mpikisano wa mabwana chaka chino? Kapena kwanu kwagwa nsabwe?"

Mkazi wake anamuponda phazi ndi jombo, ndipo ndikhulupirira akutsimphinabe.

Clive anafika ndi ana ake, aliyense ndi ayisikilimu m'manja. Anamuyang'ana Jinny n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Eee, koma lero ndiye waoneka bwino! Bwanji simunkamumeta kale?"

Hilary atakwera, a Wilf anachita zimene anachita kuyambira mwanayo ali ndi kahatchi koyamba. Anamuzungulira. Anakankhira katsitsi kamodzi m'kaneti, anawongola tayi, anatembenuza mfundo ya nambala kuti ibisike, n'kupukuta jombo ndi nsanza mpaka kunsi kwake.

"Msana wowongoka. Ukapereke moni kwa woweruza, usakamwetulire ngati ukugulitsa mazira. Pita."

Tinakaima pa mpanda wa bwalo. Mahatchi analowa motsatana, onse akuda, onse aubweya, Jinny yekha ali wometedwa ngati mwana wa sukulu tsiku lotsegulira. A Wilf anayamba kudandaula.

"Taona anthu awa. Kubwera ku chionetsero osapesa n'komwe. Masiku ano manyazi anatha."

"Ndi a m'tauni amenewo, madala," ndinatero. "Malumo anakwera mtengo."

"Uyo wachitatuyo, miyendo ngati wavala masokosi a agogo ake."

Ndinaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Ndinayamba nkhani ya mkazi wa a Kolonelo, ndinayamba ya lole yanga yoyamba, ndinawafunsa za mtengo wa udzu. Zinkayenda. Kenaka woweruza anakweza dzanja kuti onse athamange, ndipo anadutsa pafupi ndi ife, nthaka ikunjenjemera, manyenje akuuluka, ubweya wa kumapazi ukukupiza ngati mbendera. A Wilf anawatsatira ndi maso.

Woweruza anali Mayi Ostle, amene anawadziwa a Wilf zaka zambiri. Anaitana mahatchi kuti aime pamzere, ndipo atafika pa Jinny anayendetsa chala pa timfundo tija. Hilary anandiuza pambuyo pake kuti mayiyo anangofunsa kuti, "Bambo ako?" Iye anavomera ndi mutu. Mayiyo anati, "Pepa mwanawe. Ukudziwa poima." Hilary anapereka moni, msana uli chilili, n'kupita kumapeto kwa mzere.

"Iwe wa lole." Mawu awo anali atasintha. "Awa ndi mahatchi a m'phiri."

"Eya, madala."

"Nanga Jinny ali kuti?"

Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana gulu la malipenga.

"Ndikufunsa iwe."

"Uyo ali kumapetoyo."

Anayang'ana nthawi yaitali, manja atagwira mpanda.

"Wamumeta ndani?"

"Ndine, madala. Dzulo ndinamwa pang'ono, ndiye ndinati ndithandize. Mundikhululukire."

Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankayang'anira wokwera amene wavala molakwika.

"Iwe? Iwe ngakhale chingwe cha nsapato umamanga chopotoka. Kusoka kuja ndikukuona ndili pano."

Anatsitsa maso. M'mikono ya jekete yawo munali tiubweya takuda tambirimbiri. Anayamba kutitola kamodzikamodzi, n'kumatisunga m'dzanja linalo.

Hilary atatuluka m'bwalo anabwera akumwetulira mokakamiza.

"Woweruza wa lero sadziwa kanthu, adadi. Tiyeni tikamwe tiyi."

"Tsika, mwanawe."

Anatenga chingwe n'kumutsogolera Jinny ku lole. Kumeneko anatulutsa kalumo m'thumba, n'kuyamba kudula ulusi wa timfundo tija, kamodzikamodzi, mosamala kuti asadule china. Manyenje otsalawo anaima opotanapotana. Anawasisita kuti agone, sanagone. Anagwada, ngakhale mawondo anali ovuta, n'kugwira mapazi ometedwa aja, onse anayi. Jinny anawanunkhiza m'khosi, akufuna shuga wake wa masiku onse.

Clive anatulukira akupukuta mwana wake kukamwa.

"Zatha bwanji? Tawina?"

"Clive," anatero a Wilf ali chigwadire, "kumalo kuja unanena kuja, akadali ndi bedi?"

Clive anayang'ana mlongo wake, osamvetsa.

"Adadi, ayi," anatero Hilary. "Ndi ubweya chabe. Umera."

"Umera, inde. Nanga mawa ndidzadula chiyani? Lero ndinali ndi lumo. Tsiku lina ndidzakhala ndi botolo la mankhwala, ndidzamupatsa kawiri, ndili kuimba mluzu." Anadzuka atagwira phewa la Jinny. "Unanena wekha, mboni yako iyi. Ndipo tamvera, chifukwa mutu uwu sukhala nane nthawi yaitali. Pofika madzulo ndikhala nditaiwala. Ndidzalira, ndidzakutukwana, ndidzati ukunditaya. Usadzamvere ameneyo. Umvere ine, amene ndikulankhula panopa."

Pobwerera tinakhala atatu kutsogolo kwa lole. Tisanafike n'kunyumba komwe, a Wilf anadzidzimuka ku tulo n'kufunsa mosangalala ngati tapeza nambala yabwino. Hilary anati tapeza.

Masiku otsatirawo Hilary anasamutsira Jinny ku famu ya mnzake kuseri kwa phiri kuti bambo ake asamuone. Mdala uja anabwerera mwakale: kudzuka m'mawa, kudyetsa, kusesa, osalakwitsa kanthu. Za ku Skelderby sanazitchulenso. Clive, amene anayambitsa zonsezi, ndi amene tsopano ankati mwina tidikire kaye. Ine ndinati chimodzimodzi. Ndinamuuza Hilary kuti mboni yaiwala, ndipo palibe khoti lingandikakamize.

"Iwe ungaiwale," anatero. "Ine anandiyang'ana m'maso."

Anandipempha kuti tiwaperekeze pa lole, chifukwa galimoto yaing'ono a Wilf ankaikana, ankati ndi ya kuchipatala. Anakwera mosangalala, akuganiza kuti tikupita kukaona hatchi yogula. Njira yonse anandiphunzitsa kusintha magiya. Titaima pa nyumba ija, n'kuona sutikesi ikutsitsidwa ndi namwino akubwera ndi kumwetulira kwake, nkhope yawo inagwa.

"Hilary, n'chiyani ichi? Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, adadi."

"Ndiye ukundisiyiranji kuno? Mwana wanga iwe? Ndinakusiyapo ine pakhomo pa anthu?"

Anagwira chitseko cha lole ndi manja awiri. Hilary sanawakumbutse za Jinny, ngakhale kuti mawu amodzi akanamupeputsira katundu. Anangowamasula zala chimodzichimodzi, akunena kuti, "Tiyeni adadi, tiyeni, kukuzizira." Pakhomo a Wilf anatembenuka.

"Nanga madzulo adyetsa ndani?"

"Des adyetsa."

"Ameneyo? Mayo ine, mahatchi anga."

Namwino anaseka, ine ndinaseka nawo, ndipo chitseko chinatsekeka. Hilary analowa nawo, n'kukhalitsa m'katimo. Atatuluka anakwera, n'kukhala pakati pa mpando, malo a pazenera a bambo ake n'kuwasiya. Ndinafikira kiyi kuti ndilize injini.

"Dikira kaye, Des," anatero.

Ndinadikira.